Akuti ndani? Zimene mawu oti "nkhani zabodza" akutibisira ku Mangochi

Chaka chatha ndinakhala nawo pa maphunziro a masiku awiri amene bungwe lina linachititsa pa Mangochi boma. Tinalipo achinyamata, aphunzitsi angapo, atolankhani a wailesi za m'madera ndi amayi awiri ochita geni ya nsomba. Mutu wake unalembedwa m'Chingerezi pa chinsalu, media literacy, ndipo wotsogolera anaumasulira kuti "kudziwa kusiyanitsa nkhani zoona ndi nkhani zabodza". Anali munthu woidziwa ntchito yake, sindikumunyoza ayi. Anationetsa mmene tingafufuzire chithunzi pa Google kuti tidziwe kumene chinayambira, ndiponso mmene tingazindikirire tsamba la pa intaneti longoyerekeza nyuzipepala yodziwika. Koma pa nthawi ya tiyi mmodzi wa amayi aja anandikoka pambali n'kundifunsa chapansipansi: "Achimwene, nanga zobwera ndi mawuzi, zongomvera kukhutuzi, tizifufuza pa Google pomwepo?"

Funso limeneli landitsata mpaka lero. Mayiwo ankanena za uthenga wojambula mawu wa pa WhatsApp, umene ambiri timangoti VN. Kwathu kuno, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Chembe, nkhani zambiri zimayenda motero: foni imodzi, anthu asanu ndi mmodzi ataizungulira pa khonde kapena pa thandala loyanikira usipa, kenako aliyense n'kunyamula zimene wamva kupita nazo kwawo. Palibe chithunzi choti ufufuze, palibe adiresi yoti uyang'ane. Chilipo ndi Chichewa kapena Chiyao cholankhulidwa basi. Ndiye chimene ndikufuna kunena m'nkhani ino n'chakuti maphunziro ozindikira nkhani amene tikuchita akulambalala chida chimene anthu ali nacho kale m'kamwa mwawo, chomwe ndi malamulo a chiyankhulo chawo. Ndipo vutoli likuyambira pa mawu enieniwo amene tinasankha, oti "nkhani zabodza".

Mawu amenewa tinangowatenga ku fake news ya Chingerezi n'kuwaveka malaya a Chichewa. Si olakwika pa galamala. Kuipa kwake n'kwakuti akuunjika m'dengu limodzi zinthu zimene agogo athu ankazisiyanitsa bwinobwino. Mphekesera ndi nkhani yoyenda yopanda mwini, ndipo ikhoza kudzapezeka yoona. Manong'onong'o ndi zimene anthu akuopa kunena mokweza, ndipo kawirikawiri pamakhala chifukwa chimene akuopera. Miseche ndi mijedo zimaluma munthu wodziwika dzina, iye kulibe. Kukokomeza n'kutenga chinthu choona n'kuchikulitsa. Kupotoza n'kutenga mawu enieni a munthu n'kuwakhotetsa. Kupeka n'kuumba nkhani popanda chiyambi chilichonse, pomwe kunamizira n'kusenzetsa munthu mlandu umene sanapalamule. Nkhani ya m'maluwa ndi ija yopanda mutu, yosayenera kutayirapo nthawi. Ndiyeno pamwamba pa zonse pali bodza lamkunkhuniza, lonenedwa maso ali gwa.

Akatswiri olemba m'Chingerezi amavutika kusiyanitsa misinformation ndi disinformation, kutanthauza kufalitsa zolakwika mosadziwa ndi kufalitsa mwadala. Ife tili ndi mawu oposa asanu ndi atatu, ndipo lililonse limauza womvera chochita: mphekesera umaidikira, zokokomeza umazichepetsa, zopotoza umafunsa mwini wake, zopeka umazitaya. Tikangoti zonse ndi "nkhani zabodza", tasiya munthu ndi mabokosi awiri okha, zoona ndi zabodza, pamene nkhani zambiri zimene zimatipweteka zili pakatikati. Palinso vuto la ulemu. Kuuza azakhali ako kuti atumiza "zabodza" pa gulupu ya banja n'kuwanena kuti ndi abodza. Sadzakuyankhanso, ndipo mawa adzatumiza ina kwa anthu amene sangawatsutse.

Zoterezi si zachilendo m'Chichewa cha mabungwe. Harri Englund, m'buku lake la 2006 lotchedwa Prisoners of Freedom, anaonetsa mmene kumasulira human rights kuti "ufulu wachibadwidwe" kunapanikizira ganizo lalikulu m'mawu amodzi oti ufulu, mpaka anthu a m'midzi ena n'kumaona ngati nkhani yake ndi yoti aliyense azichita zofuna zake. Ndikuona kuti tikubwereza kulakwitsa komweko. Mawu amamasuliridwa mu ofesi mumzinda, kenako anthu amene akhala akuyankhula chiyankhulocho moyo wawo wonse amaphunzitsidwa mawuwo ngati kuti iwo analibe awoawo.

Ndipereke chitsanzo cha kwathu. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Pa nthawi imeneyo pa gulupu ya banja lathu panafika VN ya mayi wina amene palibe ankamudziwa. Inkati ku matenti a odwala kolera anthu akubayidwa jakisoni wowapha, ndiye musapititseko ana anu. Sabata yomweyo msuweni wanga wa zaka 9 anayamba kutsegula m'mimba madzulo. Azakhali anamusunga pakhomo usiku wonse, akumupatsa thobwa ndi mankhwala a pa golosale. Anapita naye kuchipatala m'mawa, mwana maso atalowa, chifukwa amalume anachita kukalipa. Anachira, koma anamwino anati akanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina.

Nditapita kumudzi ndinaimvera VN ija kangapo, osati kuti ndione ngati ndi yoona, koma kuti ndimve mmene yaumbidwira. Ndinapezamo zinthu zitatu, ndipo zonse ndi za galamala imene tinaphunzira ku sekondale.

Choyamba ndi mawu oti "akuti". VN inayamba motere: "Abale anga, akuti kuchipatala kwaopsa." Tiyeni tiliphwanye liwuli. Lili ndi mgwirizanitsi a-, kenako -ku- woonetsa nthawi yatsopano, ndi mneni -ti. Nkhani yagona pa a- ameneyu. M'Chichewa a- akhoza kuimira anthu ambiri, ngati tikamati "ana akuti ali ndi njala". Akhoza kuimiranso munthu mmodzi wolemekezeka, ngati "agogo akuti mubwere". Ndipo akhoza kusaimira aliyense, kungotanthauza kuti zikunenedwa. Choncho munthu akamva "akuti kuchipatala kwaopsa", khutu lake lili ndi ufulu wosankha: mwina anena ndi adokotala, mwina akunena ndi anthu ambiri, pamene mwina wanena ndi munthu mmodzi woledzera pa depoti. Liwu limodzi lomweli limabwereka ulemu wa akuluakulu ndi mphamvu ya chigulu, popanda kutchula ngakhale dzina limodzi.

Komabe "akuti" si mdani. Ndi chizindikiro choona mtima: wolankhulayo akukuuzani kuti sanaone ndi maso ake. Timathanso kulipinda kuti lionetse kukayika, monga "ati abweza ndalama mawa", pomwe aliyense akumva kuti wonenayo sakukhulupirira. Choopsa chimachitika "akuti" akagwa panjira. Mayi wa mu VN anati "akuti". Azakhali pofotokozera anzawo pa mjigo anati "ndamva kuti kuchipatala akubaya anthu". Mnzawo atafika kunyumba anangoti "kuchipatala akubaya anthu". Pofika madzulo nkhani inali itasanduka "ndikukuuzani ine, musapiteko". Pa sitepe iliyonse palibe amene ananama mwadala, koma kachizindikiro kosonyeza kuti izi n'zongomva kanathothoka. WhatsApp imaika kachilembo ka Forwarded pamwamba pa uthenga wongopatsirana, koma kali m'Chingerezi, n'kolembedwa, ndipo amakaona ndi mwini foni yekha. Asanu ena aja amangomva mawu a munthu ngati akulankhula nawo pamaso.

Chachiwiri ndi msintho wochitika. Mayi uja anapitiriza kuti: "Zapezeka kuti mankhwalawo ndi achiphe, ndipo zadziwika kale." Apa tikumbuke kusiyana kwa msintho wochitidwa, wa -idwa kapena -edwa, ndi msintho wochitika, wa -ika kapena -eka. Sam Mchombo anakufotokoza bwino m'buku lake la 2004, The Syntax of Chichewa. Tikati "mbale yaswedwa", pali wina amene waiswa, ndipo tikhoza kumutchula: "yaswedwa ndi mwana". Tikhozanso kunena kuti "yaswedwa mwadala". Koma tikati "mbale yasweka", woswayo wachotsedwa m'chiganizo kotheratu, moti "yasweka mwadala" sizimveka. N'chifukwa chake mwana wochenjera akaswa mbale amathamangira kunena kuti yasweka. Momwemonso "zapezeka", "zadziwika", "zamveka", "zaoneka" ndi aneni amene amatseka khomo la funso loti ndani. Akanati "zapezedwa", khutu likanadikira kumva kuti ndi yani. "Zapezeka" zimamveka ngati choonadi chinangotumphuka chokha ngati bowa.

Pano ndiyenera kudzudzula ndi atolankhani omwe, chifukwa chizolowezichi chili ponseponse m'nkhani za Chichewa za pa wailesi: "zadziwika kuti", "kwamveka kuti", "malipoti akusonyeza kuti", "anthu ena ati". Nthawi zina mtolankhani amatero poteteza amene wamutsina khutu, ndipo m'pomveka. Koma nthawi zambiri ndi ulesi chabe, kumasulira mothamanga chikalata cha Chingerezi. Tikazoloweretsa omvera kuti nkhani yodalirika imayamba ndi "zadziwika kuti", tisadabwe wopeka nkhani akabwereka kalankhulidwe komweko. Chichewa cha m'nyuzipepala chili ndi njira yabwino imene ena amaiona ngati mwano, yotchula munthu dzina ndi udindo kenako n'kunena kuti "iye wati". Wa- ameneyu ndi wa munthu mmodzi, wowerengeka, woti mukhoza kukamufunsa. Pa nkhani ya umboni, "wati" amaposa "akuti".

Chachitatu ndi nthawi ndi malo. VN ija inati: "Lero lomwe lino kuno amwalira atatu." Lero liti? Kuno kuti? Mawu ngati lero, dzulo, kuno ndi pano amapeza tanthauzo kuchokera pamene wolankhula waima. Pamaso m'pamaso savuta. Koma mawu akajambulidwa n'kuyamba kuyenda m'mafoni, "lero" amakhala lero tsiku lililonse limene wina watsegula uthengawo, ndipo "kuno" amasanduka kwawo kwa womvera aliyense. Wa ku Namwera amaganiza za chipatala cha kwawo, wa ku Monkey Bay chimodzimodzi. Nthawi ya mneni nayo imathandizira. "Amwalira" ndi "zachitika" zimanena za chinthu chongochitika kumene, chimene zotsatira zake tikadali nazo, kusiyana ndi "anamwalira" kapena "zidachitika".

Anthu a ku Mangochi izi zimatikhudza mwapadera chifukwa cha Joni. Ndi mabanja ochepa kuno amene alibe mwana, mlongo kapena bambo ku South Africa, ndipo tikukumbuka 2008 ndi 2015, pamene anthu obwera anaukiridwa mpaka boma kutumiza mabasi kukatenga Amalawi. Ndiye kanema aliyense wa moto ndi chipwirikiti akafika ndi mawu oti "zachitika ku Joni", mitima imaduka. Mu Sepitembala 2019, ziwawa zitabukanso ku Johannesburg, anthu m'maiko ambiri a mu Africa anagawana kanema wa nyumba yosanja ikuyaka, anthu akudumpha kuchokera pamwamba. Kanemayo anali wa moto umene unachitika mumzinda wa Surat ku India mu Meyi chaka chomwecho. Moto unali weniweni, anthu anafadi. Bodza linali m'mawu awiri okha olembedwa pansi pake, mneni wa nthawi yolakwika ndi dzina la malo olakwika. Kodi kanema ameneyu timuika m'bokosi liti, la zoona kapena la zabodza? Chichewa chili ndi yankho: ndi zopotoza.

Tsono wina anganene kuti anthu akumudzi sangazitsate za misintho ya aneni. Ine ndikuti pitani pa doko m'mawa mukamve mmene amayi ogula usipa amalankhulira pa foni. Wina akawauza kuti "akuti ku Msaka usipa watchipa", palibe amene amakwera njinga yamoto nthawi yomweyo. Mafunso amagwa ngati matalala: Wanena ndani? Iyeyo ali komweko kapena wangomva? Ndi za lero kapena za dzulo? Watchipa chigoba ndalama zingati? Kenako amaimbira munthu wachiwiri wa pa doko lomwelo, amene sagwirizana ndi woyambayo. Amadziwanso kufunsa kuti wonenayo apindulapo chiyani, chifukwa mwina akufuna anzake athamangire ku Msaka iye atsale yekha pa Makawa. Mafunso amenewa ndi omwewo amene ali m'mabuku a UNESCO a maphunziro ozindikira nkhani: gwero, nthawi, umboni wachiwiri, cholinga cha wonena. Amayiwa sanawaphunzire mu holo. Anawaphunzira chifukwa mpamba wawo ukhoza kuthera pa "akuti" mmodzi. Ntchito ya mphunzitsi ndiye ikhale yowathandiza kunyamula luso la pa dokolo kupita nalo pa nkhani za chipatala, za katemera ndi za chisankho.

Sindikufuna kunamizira kuti galamala ithetsa zonse. Pali zovuta ziwiri zimene ndikuziona. Choyamba, funso loti "mwamva kwa ndani?" lili ndi msinkhu. Mayi wa geni akhoza kulifunsa kwa mnzake, koma ine sindingalifunse choncho kwa azakhali, kwa a shehe kapena kwa abusa popanda kuoneka wamwano. Maphunziro athu sakhudzako n'komwe mbali imeneyi, chonsecho ndi pamene nkhani zambiri zimadutsira. Tiyenera kuphunzitsana kafunsidwe kaulemu. Ine ndinayesa kuti: "Azakhali, nkhaniyi yandiopsa inenso. Mayi akulankhulawa ndi a kuti, kuti tiwaimbire atiuze bwino?" Anakhala chete, kenako anati, "Iii, kaya, inenso anangonditumizira." Anazindikira okha, ine osatchula liwu loti bodza.

Chovuta chachiwiri n'chakuti mphekesera zimamera pa nthaka yachonde. Azakhali anakhulupirira VN ija chifukwa anaonapo anthu akulowa mu tenti osatulukamo amoyo, ndi maliro akuikidwa mwachangu abale osaloledwa kusambitsa thupi. Amene sanawafotokozere chifukwa chake anasiya mpata umene VN inadzaza. Akuluakulu anati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Nkhani ya anamapopa inationetsa zomwezo. Mu 2017 inayambira ku Mulanje ndi Phalombe, anthu osachepera 8 anaphedwa powaganizira kuti ndi opopa magazi, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maderawo. Zinachitikaponso kumapeto kwa 2002, ndipo mu Januwale 2003 mtolankhani wa wailesi ya MIJ, Maganizo Mazeze, anamangidwa chifukwa choulutsa mawu a munthu amene ankati anamapopa anamufikira. Kumanga mtolankhani sikunaphe mphekeserayo, inangogona zaka 14 n'kudzukanso. Gawo 60 la Penal Code limaletsa kufalitsa nkhani zabodza zodzetsa mantha, ndipo kuyambira 2016 tilinso ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act. Koma lamulo nalo limadziwa mabokosi awiri okha aja. Munthu akaopsezedwa kuti amangidwa, mphekesera imangosanduka manong'onong'o, ndipo manong'onong'o ndi ovuta kuwayankha chifukwa suwamva.

Nanga tichite chiyani? Mangochi ili ndi mwayi wa wailesi zimene anthu amazitenga ngati zawo. Dzimwe Community Radio inayamba ku Monkey Bay mu 1998 mothandizidwa ndi UNESCO, ndipo Radio Maria Malawi yakhala ikuulutsa kuchokera ku Mangochi kuyambira 1999. Englund yemweyo, m'buku lake la 2011 lonena za pulogalamu ya MBC ya Nkhani Zam'maboma, anaonetsa kuti omvera wailesi ya Chichewa samangomeza zimene amva. Amakambirana, amatsutsa, amaweruza. Ndikanakonda kumva pulogalamu ya mphindi 15 pa sabata imene muulutsi angatenge VN imene yazungulira m'boma muno, n'kuchotsa maina, kenako omvera aziimba foni kuyankha mafunso atatu okha: "akuti" ameneyu ndi ndani, "zapezeka" wazipeza ndani, "lero" ndi "kuno" ndi liti ndipo ndi kuti. Pomaliza omvera omwewo aipatse nkhaniyo dzina loyenera, kaya ndi mphekesera, zokokomeza, zopotoza kapena zopeka. Pulogalamu yomweyo ichitikenso m'Chiyao, motsogozedwa ndi eni chiyankhulocho ndi mawu awoawo, chifukwa ma VN ambiri a ku Makanjira ndi ku Namwera amayenda m'Chiyao, ndipo kungomasulira za Chichewa kungakhale kubwereza tchimo lomwe ndikudandaula nalo pano.

Kusukulu nako sipafunika phunziro latsopano. Mphunzitsi wa Chichewa wa Fomu 2 akamaphunzitsa misintho ya aneni, m'malo mwa mbale yosweka yokhayokha abweretse mutu wa nkhani wa m'nyuzipepala, ana apeze amene wabisidwa m'chiganizocho. A Centre for Language Studies ku Zomba, amene anatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, angathandize posonkhanitsa mawu onse a m'banja la mphekesera ndi kusiyana kwake, kuti mabungwe asamangogwira liwu limodzi. Kufufuza zithunzi pa Google kupitirire, n'kofunika ndithu kwa amene ali ndi foni yake ndi bandulo. Koma kuzibwera pambuyo, osati poyambira.

Mayi wa pa maphunziro uja sindinamuyankhe bwino tsiku lija, ndinangoseka n'kunena kuti tifunsa aphunzitsi. Ndikadzakumana nawo pa msika ndidzawauza kuti zobwera kukhutu azizifunsa ngati mmene amafunsira mtengo wa usipa. Azakhali anga masiku ano akalandira VN amaitumizabe pa gulupu, chizolowezi sichitha msanga. Kungoti tsopano amalemba pansi pake kuti: "Akuti, koma sindikudziwa kuti akutiwo ndani."